Tsitsi la Samsoni linamera ali pamphero

Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 38, ndili pabanja ndipo tili ndi ana atatu. Kwa zaka 9 ndakhala mkulu wa mpingo. Maliro akagwa ankatuma ine kukalalikira, mabanja akayambana ankagogoda kwa ine. Chaka chatha ndinayamba kucheza pa WhatsApp ndi mayi wina wa kuntchito. Poyamba tinkangotumizirana mavesi. Sindibisa, ndinagwa naye, kangapo konse. Mkazi wanga anaona mameseji, nkhani inafika kumpingo ndipo anandidula. Lero ndimakhala pabenchi yakumbuyo, Mgonero umandidutsa. Kunyumba amandiikira nsima koma sandilankhula. Ndikagwada mawu satuluka. Anzanga akuti mayi uja ndi Delila wanga, ndingosamukira mpingo wina kumene sakundidziwa. Kodi Mulungu anandichokera? Ndipite?

Wolefuka, Lilongwe

Bambo,

Zikomo kuti simunabise. Koma dzina la Delila limene anzanu akukupatsanilo likaneni, likunyengani. Tsegulani Oweruza mutu 13 mpaka 16 muone bwino. Delila analonjezedwa ndalama zasiliva 1,100 kuchokera kwa mtsogoleri aliyense wa Afilisti. Mayi wa kuntchitoyo palibe anamutuma. Munali akuluakulu awiri, ndipo wa udindo mumpingo munali inu.

Ngakhale Samsoni, Delila sanamupeze ali chilili. Anali Mnaziri, wopatulidwa asanabadwe, wosayenera kumeta kapena kuyandikira chakufa. Tsiku lina panjira ya ku Timna anapatuka kukaona mkango umene anaupha uja, napeza njuchi zitamanga m'mtembo. Anafula uchiwo ndi manja, nkumadya akuyenda, wina nkukapatsa atate ndi amayi ake osawauza kumene wachokera. Ine ndimati anayambira pamenepo, pa chinthu chokoma chimene sakanatha kunena gwero lake. Inunso kumbukirani meseji yoyamba imene munaifufuta musanalowe m'nyumba. Simunali mutagona naye, koma mtima unali utadziwa kale.

Chimene chimandipweteka m'nkhaniyi ndi kuzolowera kupulumuka. Ku Gaza anagona kwa mkazi wadama, adani atamubisalira, iye nkudzuka pakati pa usiku kuzula zitseko za mzinda ndi mphuthu zake zomwe. Ku chigwa cha Soreki Delila anamutchera katatu, choyamba ndi nsinga zaziwisi, kenako zingwe zatsopano, kenako kumulukira tsitsi pa cholukira nsalu. Katatu konse anadzuka nkudzimasula, ndipo anabwerera pa miyendo yomweyo. Ulendo wachinayi anadzuka ali mpala, akuganiza kuti zikhala monga kale. Ndikhulupirira kuti inunso munalalikirapo Lamulungu mutachokera kwa mayi uja, anthu nkuyankha ameni, inu nkumati ndiye kuti zonse zili bwino. Mphatso imatha kugwirabe ntchito mwini wake atavunda mkati.

Tsono funso lanu lija. Afilisti anamukolowola maso, namumanga ndi maunyolo amkuwa, munthu amene anapha anthu 1,000 ndi chibwano cha bulu nkumapera tirigu m'ndende ya ku Gaza. Pomwepo, pa Oweruza 16:22, wolemba akutiuza kuti tsitsi linayambanso kumera. Palibe amaliona tsitsi likumera, ngakhale mwini mutu. Samsoni ankangomva kulemera kwa mphero ndi kuseka kwa adani, chifundo chili pantchito pamutu pake. Kuuma kwa pakamwa kumene mukumva mukagwada si umboni woti Mulungu wakutayani. Munthu wotayidwa sadandaula kuti Mgonero wamudutsa. Gwadanibe, ngakhale opanda mawu.

Koma wakutsina khutu ndi mnansi: maso a Samsoni sanabwerere. Mwina ukulu wa mpingo simudzauonanso, ndipo mayi a kunyumba angatenge zaka kuti foni yanu ikalira mtima wawo usadumphe. M'kalata yanu mwawatchula pang'ono kwambiri, chonsecho bala lalikulu lili pa iwo. Nsima imene akukuikiraniyo musaiyese yachabe, akuphikira munthu amene anawachititsa manyazi pamaso pa amayi anzawo a mumpingo. Musawakakamize kukhululuka powawerengera mavesi. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, mupepese osatchula Satana kapena Delila. Pitani mukayezetse HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana, muwaonetse zotsatira. Nambala ya mayi uja ifufuteni, za ntchito muzikamba pagulu.

Za kusamuka mpingo, ayi. Kumene sakukudziwani akamva mmene mumapempherera adzakupatsani guwa mwezi usanathe, ndipo mudzabwerera ku mphamvu zopanda wozilondera, zomwe zakufikitsani pano. Samsoni anaweruza Israeli zaka 20, koma nkhondo zake ankamenya yekhayekha. Makolo atamuletsa za mkazi wa ku Timna sanamve. Pa tsiku lake lomaliza, m'nyumba ya Dagoni, mulungu wa Afilisti, tikumuona atagwidwa dzanja ndi mnyamata, akupempha kuti amufikitse pa mizati. Apo ndiye anafuulira kwa Mulungu, ndipo anamumva. Imfa yake si chitsanzo chanu, inu muli ndi ana atatu oti muwalere. Chimene ndikufuna mutengepo ndi dzanja lija. Munthu wosweka chotero, Ahebri 11:32 akumutchulabe pamodzi ndi Gideoni ndi Davide.

Pezani bambo mmodzi wachikulire mumpingo mwanu momwemo, wosakuopani, amene angakufunseni kuti munali kuti dzulo madzulo nkutsegula foni yanu. Lamulungu likudzali lawirirani, mukakhale pabenchi yakumbuyo ija anthu asanadzaze, ndipo ana anu akafuna kukhala nanu musawathamangitse.

Azakhali