Musabise mimba zimene zinapita padera

Mlamu wanga wina wa ku Njuli, cha kufupi ndi kumene amaphwanya miyala, anapita padera katatu motsatizana, mimba iliyonse isanakwanitse masabata 10. Kumudzi anati alipo amene wamumanga. Mbuzi zinathera kwa asing'anga, apongozi ake n'kuyamba kumuyang'ana ndi diso lofiira.

Manyazi atamukulira, akaima ankagula buku latsopano la kuchipatala. Anamwino akafunsa kuti, "Amayi, mimbayi ndi yachingati?" iye ankayankha chapansipansi kuti, "Yoyamba." Apa ndi pamene mtima umandipwetekera, chifukwa mbiri yomwe ikanamuthandiza ankaikwirira yekha.

Ali ndi mimba yachinayi, mwendo wakumanzere unatupa, kutentha ndi kuwawa mpaka kulephera kuponda. Amuna ake anathamanga naye ku chipatala cha boma cha Chiradzulu, komwe mlamu wangayo anaulula zonse, ndipo anamutumiza ku chipatala cha Gulupu mu Blantyre. Madokotala anapeza kuti magazi aundana mumtsempha wa mwendowo. Chibulumwa choterechi chikathothoka n'kukafika m'mapapo, munthu amabanika ndipo atha kufa tsiku lomwelo.

Atamuyeza mokwanira anamupeza ndi matenda otchedwa antiphospholipid syndrome, amene dokotala Graham Hughes wa ku London anawafotokoza mu 1983. Chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kumachititsa magazi kuundana msanga, ndipo nsengwa imalephera kudyetsa mwana bwino m'mimba. Kuyeza kamodzi sikokwanira ayi. Magazi amayezedwa kawiri, patadutsa masabata osachepera 12, kuti atsimikize. Mayi akadziwika msanga amapatsidwa aspirin wochepa mphamvu ndi jakisoni wa heparin, ndipo ambiri amabereka ana amoyo. Mlamu wangayo anapulumuka, koma mimba ija inali itawonongeka kale.

Si kupita padera kulikonse kumene kumabwera ndi matendawa. Chindoko, malungo, shuga ndi kuthamanga kwa magazi nazonso zimachotsa mimba, n'chifukwa chake pamafunika kuyezedwa, osati kuombeza. Komanso musathamangire kukagula aspirin pagolosale. Mankhwala osungunula magazi amafuna dokotala, ndipo ena, monga warfarin, amavulaza mwana wosabadwa.

Amayi, ngati munapitapo padera kawiri kapena katatu, nenani kusikelo, mabuku onse akale ali m'manja. Inu abambo, aperekezeni. Mwendo umodzi ukatupa n'kumawawa, kapena mpweya ukayamba kubanika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.