Kukaonera Mumford & Sons akuimba pabwalo: mafunso ndi mayankho

Anzanga ambiri akamva nyimbo za Mumford & Sons pa foni amati n'zozizira, zoyenera kumvera munthu akufuna tulo. Ine ndimati aweruza mlandu asanamve mboni. Mphamvu za gulu limeneli zimaoneka likamaimba pamaso pa anthu, ndipo awa ndi mafunso amene ofuna kudziwa zochitika kumeneko amandifunsa kawirikawiri.

Kodi Mumford & Sons ndi ndani?

Ndi gulu loimba la ku London lomwe linayamba mu 2007. Poyamba anali anayi: Marcus Mumford wotsogolera nyimbo, Ben Lovett pa kiyibodi, Ted Dwane pa besi, ndi Winston Marshall pa banjo. Marshall anachoka mu 2021, atatu enawo akupitiriza. Chimbale chawo choyamba, Sigh No More, chinatuluka mu 2009. Chachiwiri, Babel, cha mu 2012, chinapata mphoto ya Grammy ya chimbale chopambana pa chaka mu 2013, ndipo chaka chomwecho iwo ndiwo anatseka chikondwerero chachikulu cha nyimbo cha Glastonbury ku England.

Nanga folk rock n'chiyani?

Ndi nyimbo zochokera ku maimbidwe akale a anthu wamba a ku Britain, Ireland ndi America, koma zoimbidwa ndi liwiro ndi ukali wa rock. Bob Dylan anautsa mkangano mu 1965 pamene anakwera nsanja ku Newport ndi gitala yamagetsi. Ku England, Fairport Convention anatenga nyimbo za makolo n'kuziika ng'oma ndi magetsi pa chimbale cha Liege & Lief mu 1969. A Mumford anabwera msewu utalambulidwa kale. Chawo chinali kutenga banjo, chida chimene achinyamata ankachiona ngati cha agogo, n'kudzaza nacho mabwalo a anthu zikwizikwi.

Chimbale ndili nacho kale. Ndikavutikirenji kugula tikiti?

Chifukwa chimbale chimalowa m'khutu mokha, pomwe pabwalo nyimbo imalowera kumapazi.

Marcus Mumford amaimirira kutsogolo gitala ili pachifuwa, ndipo patsogolo pa phazi lake pamakhala ng'oma yaikulu imene amaiponda uku akukhwatcha gitala, uku akuimba. Amene munaonerapo Madalitso Band, mmene woimba gitala amagundira ng'oma ndi chidendene mnzake akukoka babatoni, mwachidziwa kale chimene ndikunena. Kusiyana kwake n'kwakuti apa ng'oma ija yadutsa m'zokuzira mawu zazitali kuposa nyumba, moti kugunda kulikonse mumakumva m'nthiti.

Nyimbo zawo zambiri zimamangidwa mofanana, ndipo otsutsa amawanena nazo. Imayamba chapansipansi, mawu amodzi ndi gitala basi. Kenaka banjo imalowa ikuthamanga, besi n'kutsatira, mawu a onse n'kukumana. Anthu amadziwa kumene nyimbo ikupita, ndiye amadikira ali chinunu, mapewa atakwera. Ikangophulika, bwalo lonse limanyamuka nthawi imodzi. Pa wailesi kachitidwe kameneka kangathe kutopetsa ukamva nyimbo zisanu motsatizana, ndipo pamenepo otsutsa sakunama. Koma ukakhala pakati pa khamu limene lakhala likusunga mpweya kudikira mphindi imeneyo, umazindikira kuti nyimbozi anazipekera malo otere. The Cave ndi I Will Wait ndizo zimaonetsa bwino zimenezi.

Kodi ndiyenera kudziwa mawu a nyimbo zonse?

Ayi. Makolasi ake ndi aafupi ndipo amabwerezedwa, mukamva kawiri mwagwira. Mbali zina zilibe n'komwe mawu, n'kungokweza liwu pamodzi ndi anzanu. Chofunika n'kusachita manyazi. Oimbawo nthawi zina amachoka pa maikolofoni dala kuti khamu litsirize lokha, ndipo amene wangopinda manja amakhala wadzimana yekha.

Ndiye kuti ndi phokoso kuyambira poyamba mpaka pomaliza?

Ayi ndithu, ndipo gawo limene ine ndimalikonda kwambiri ndi lachete. Ali ndi chizolowezi chosiya zida zonse zamagetsi n'kuunjikana pa maikolofoni amodzi, gitala imodzi yokha, nthawi zina pa kansanja kakang'ono pakati pa anthu. Amapempha khamu kuti likhale chete kuti aliyense amve. Timshel ndi imodzi mwa nyimbo zimene amaimba chonchi. Apa mpamene umamva kuti anthuwa amathadi kugwirizanitsa mawu, wina pamwamba wina pansi, popanda chobisalamo. Anthu amene mphindi zapitazo amakuwa mpaka kusasa mawu amatontholetsana okhaokha. Pamapezeka ndithu mmodzi amene wamwa mopitirira n'kuimba likhweru pakati pa nyimbo, ndipo maso amene oyandikana naye amamuponyera amakwanira kumulanga. Chonde musakhale munthu ameneyo.

Gulu la ku London likutikhudza bwanji ife?

Kumayambiriro kwa 2016 anabwera ku South Africa, n'kuimba ku Cape Town, Durban ndi Pretoria. Pa ulendo umenewo anali ndi Baaba Maal wa ku Senegal, gulu la Beatenberg la ku Cape Town, ndi The Very Best, gulu limene woimba wake ndi Esau Mwamwaya wa kwathu ku Malawi, amene amagwira ntchito ndi Johan Hugo wa ku Sweden. Onsewa analowa m'situdiyo za SABC ku Johannesburg n'kujambula nyimbo m'masiku awiri okha. Kachimbale kameneko, kotchedwa Johannesburg, kanatuluka mu June 2016, ndipo nyimbo ziwiri mmenemo zili ndi mitu ya Chichewa: Wona ndi Ngamila.

Ndinali m'khamu ku Pretoria, pabwalo la pafupi ndi Voortrekker Monument. Mwamwaya atakwera nsanja n'kutsegula pakamwa, ndinamva chinenero changa chikutuluka m'zokuzira mawu zija, anthu a mitundu yonse akuvina nacho osadziwa tanthauzo. Kwa ife amene tinazolowera kutsitsa mawu polankhula Chichewa m'mataxi a ku Gauteng, sichinali chinthu chaching'ono. Ndinaimba mokweza kuposa aliyense amene anali pafupi nane, ndipo misozi sindinaibise.

Chimene ndinayamikira n'chakuti alendowo sanawaike pambali ngati zokongoletsa. Baaba Maal akamaimba There Will Be Time, liwu lake ndilo linkatsogolera, eni bwalo n'kumatsatira pambuyo.

Ndinamva kuti anasiya banjo. N'zoona?

Anaisiya pa chimbale cha Wilder Mind cha mu 2015, n'kutenga magitala amagetsi ndi ng'oma zonse za bandi. Otsatira ambiri anakhumudwa, ena mpaka lero sanawakhululukire. Kunena zoona, chimbale chimenecho sindichikonda ngati ziwiri zoyamba zija. Koma pabwalo nyimbo zake zimagwira ntchito yake. The Wolf imabwera ndi ukali umene banjo singafikepo, ndipo nyimbo zakale zikabwerera pambuyo pake zimamveka zatsopano. Banjo sinachoke pansanja, nyimbo zakalezo amaziimbabe nayo.

Ndikaime pati?

Zitengera chimene mukufuna. Kutsogolo kwenikweni mumaona thukuta la oimba, koma mudzapanikizika, ndipo mukachoka kukafuna madzi malo anu apita. Ngati mwabwerera kumva bwino, imani pafupi ndi pamene pakhala akatswiri oyendetsa zokuzira mawu, chapakati pa bwalo. Iwo amakonza mawu molingana ndi mmene akumvera pamalo pawo, choncho pamenepo ndi pamene chilichonse chimamveka mokwanira. Okhala kumbuyo asadandaule msanga: pa nyimbo ya Ditmas, Marcus amadziwika ndi kudumpha pansanja n'kuthamanga pakati pa anthu akuimba, alonda akumuthamangira pambuyo.

Ndivale chiyani, nditenge chiyani?

Nsapato zotseka zimene simudandaula zikada. Mudzaimirira maola angapo, mudzapondedwa, ndipo pabwalo la dothi anthu akayamba kudumpha fumbi limakwera mpaka kuoneka m'kuwala kwa magetsi. Idyani musanalowe chifukwa zakudya za mkati zimadula. Ngati bwalo ndi lapamtetete nyengo ya mvula, tengani jekete la pulasitiki lopindika. Ambulera imatchinga anzanu, ndipo malo ambiri sailola.

Ndijambule pa foni?

Jambulani kamphindi kamodzi kotumizira abale, kenaka ibwezeni m'thumba. Mawu a pa foni amatuluka ophwanyika, ndipo dzanja limene lagwira foni silingawombe m'manja. Nyimbozi zimafuna manja onse awiri.

Ndingapite ndi ana?

Onani kaye malamulo a malowo, chifukwa ena amaika malire a zaka. Dziwaninso kuti kolasi ya Little Lion Man ili ndi liwu lotukwana lachingerezi, ndipo khamu lonse limalitchula mokuwa. Mwana wamng'ono mumugulire zotchingira m'makutu, ndipo musapite naye kutsogolo kumene anthu amakankhana.

Nanga ngati ndilibe njira yokawaonera?

Masiku a ku Pretoria aja anajambulidwa, ndipo kanema wake amatchedwa Live from South Africa: Dust and Thunder. Muli Wona, muli There Will Be Time, muli nyimbo zakale zodumphitsa anthu. Musamuonere pa foni muli nokha. Pezani wailesi yakanema yolumikiza ku masipika abwino, itanani anzanu, sunthani mipando kuti pakhale povinira, ndipo aneba muwauziretu kapena muwaitane.