Kasamalidwe ka malata oonekera, magetsi a galimoto ndi galasi la chisoti

Kuyambira mu Juni mpaka mvula yoyamba ya mu Novembala, fumbi la ku Lundazi silisiya kanthu. Limakhala pa malata oonekera amene anthu amaika padenga la golosale, la tchalitchi kapena la khonde kuti m'kati muziwala. Limamata pa magetsi akutsogolo a galimoto zoyenda mumsewu wa Chipata, ndiponso pa galasi la chisoti cha anyamata a njinga zamoto opita ku Lusuntha kapena kwa Mwase. Kawirikawiri zinthu zitatuzi zimapangidwa ndi pulasitiki ya mtundu umodzi, yotchedwa polycarbonate. Anaitulukira mu 1953 ku kampani ya Bayer ku Germany ndi ya General Electric ku America, ndipo ena amaidziwa ndi mayina a Makrolon ndi Lexan.

Pulasitikiyi sisweka wamba; mwala umene ungaphwanye galasi lenileni, iyo imaupirira. Koma pamwamba pake mpofewa, imakalika msanga, ndipo amene amaiwononga kwambiri ndi mwini wake pofuna kuiyeretsa.

Choyamba ndi madzi, nsalu pambuyo. Fumbi lathu lili ndi timchenga tolimba kuposa pulasitikiyo, choncho mukapukuta pouma ndi dzanja, ndi malaya kapena ndi nyuzipepala, ndiye kuti mukuikhula ndi mchenga. Timizere take sitioneka tsiku loyamba. Timachuluka pang'onopang'ono mpaka galasi lonse lichita mbuu, ndipo apo palibe sopo amene angalibwezeretse. Thirani madzi ambiri kaye kuti fumbi litsike lokha. Kenako sungunulani madontho ochepa a sopo wamadzi wotsukira mbale m'ndowa ya madzi ofunda pang'ono, mutenge kansalu kofewa koyera kapena siponji, muzipukuta mopepuka kuchokera kumwamba kupita pansi, osazungulira. Kansaluko muzikatsukuluza pafupipafupi chifukwa kamatola mchenga. Mukatha, tsukuluzani ndi madzi oyera n'kuumitsa ndi nsalu ina yofewa. Madzi a pamjigo akaumira pomwepo amasiya timadontho toyera, n'chifukwa chake ntchitoyi ndi ya m'mawa kapena madzulo, osati masana a mu Okutobala pulasitiki ili yotentha.

Zitosi za mbalame, tizilombo tofera pagalasi ndi mwaye wa moto wa m'tchire musazipale ndi mpeni kapena chikhadabo. Yalanipo nsalu yonyowa kwa mphindi zingapo, zidzachoka zokha. Zomata za pepala la mtengo zimafewa ndi kadontho ka mafuta ophikira, kenako mutsuke ndi sopo.

Zimene timadalira potsuka mapoto, monga phulusa, mchenga, sitiluwulu ndi ufa wokwechera, zikhale kukhitchini komweko. Zoopsa kuposa izi ndi petulo, thina ya penti, mafuta a mabuleki, mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo, soda wopangira sopo ndi mankhwala otsukira mawindo okhala ndi amoniya. Izi zimadya pulasitiki yeniyeniyo. Nthawi zina imayera pomwepo, nthawi zina timing'alu timadzatuluka patapita masiku, makamaka pafupi ndi misomali ndi popindika. Ndimamva chisoni ndikaona wa njinga yamoto akupukuta galasi la chisoti ndi kansanza komwe wagwirira injini, chifukwa kansanza kameneko kali ndi petulo ndi mchenga womwe.

Malata oonekera ambiri amawonongeka pa tsiku lokhomera. Ochuluka amatetezedwa ku dzuwa mbali imodzi yokha, ndipo mbaliyo imalembedwa pa pepala lomatidwa pamwamba. Iyang'ane kumwamba. Mmisiri akaitembenuza, lata limachita chikasu n'kuyamba kuthetheka nthawi yake isanakwane, ndiye imani pomwepo muonetsetse asanakhome. Pepalalo lichotsedwe akangomaliza, apo ayi dzuwa lidzaliphikira pa lata. Pulasitikiyi imafutukuka kukatentha: lata la mamita 3 limatha kutalika ndi mamilimita pafupifupi 6 pakati pa m'bandakucha wozizira ndi masana otentha. Choncho mabowo abooledwe ndi chiboolero, akhale okulirapo ndi mamilimita 2 kapena 3 kuposa msomali, pakhale wasala wa labala, ndipo asamange mothina kwambiri. Potsuka denga musaponde pa lata loonekera, ndipo musatume mwana kukwera. Yalani thabwa lofika pa mitengo ya denga, kapena mangani nsalu kumtengo wautali mutsuke muli pamakwerero.

Magetsi a galimoto akachita chikasu ndiye kuti utoto woteteza wa pamwamba wapsa ndi dzuwa. Mankhwala otsukira mano, amene ambiri amatama, amawalitsa kwa kanthawi basi. Amakaniko amakhula ndi sandipepa wonyowa wosalala, kuyambira nambala 1000 mpaka 3000, n'kupolisha, koma akapanda kupakanso utoto woonekera woteteza ku dzuwa, chikasu chimabwerera m'miyezi yochepa. Funsani za utotowo musanalipire, ndipo galimoto muziimika pamthunzi ngati ulipo.

Galasi la chisoti lokha musalikhule ndi sandipepa. Mukavula chisoti, chiikeni m'kathumba ka nsalu, musachikoleke pachiwongolero kuti chizigundagunda panjira. Likakalika kwambiri, usiku kuwala kwa galimoto yobwera kutsogolo kumamwazika m'mizere yonse ija, ndipo munthu woyenda pansi, wa njinga yakapalasa kapena ngolo ya ng'ombe simuiona mpaka mutafika pafupi. Mukaona kuti mwayamba kutukula galasi usiku kuti muone njira, gulani lina loyera, losadetsedwa, ndipo potuluka kukagula tengani chisoticho kuti muyezere pomwepo ngati likukwana.