Funsani Adokotala: TB ya Msana ndi Opaleshoni

Woulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu. Akuti, "Amuna anga anawapeza ndi TB ya msana, chonsecho sakhosomola n'komwe. Akumwa mankhwala, koma achibale akuti popanda opaleshoni sachira." Adokotala, tiwauze zotani mayiwa?

Dokotala: Mayi, mtima ukhale m'malo. Tizilombo ta TB timatha kuchoka m'mapapo n'kuyenda ndi magazi mpaka kukakhazikika m'mafupa a msana, makamaka kuyambira pakati kutsikira cha m'chiuno. N'chifukwa chake bambowo sakhosomola. Chimene chimapha tizilomboti ndi mankhwala, osati mpeni. Miyezi iwiri yoyambirira amamwa mitundu inayi: rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol. Kenako amapitiriza mpaka miyezi 9 kapena 12, monga achipatala awauzire. Ngati akuyenda bwinobwino, ambiri otere amachira osalowa kufiyeta. Asalumphe tsiku, ndipo akayezetsenso HIV.

Woulutsa: Ina yachokera kwa mnyamata wina wa ku Kasungu. Mnyamatayu akuti mlongo wake watuluka linunda, miyendo ikuchita dzanzi, akuyenda moikoka, ndipo mkodzo wayamba kungotuluka wokha. Agogo akufuna akam'temere mphini.

Dokotala: Achimwene, iyi ndiye yosagonera. Pitani naye kuchipatala lero lomwe, mukapemphe kuti am'tumize kuchipatala chachikulu monga Kamuzu Central. Agogo muwafotokozere mwaulemu kuti vutoli lili mkati, kumene mphini sizifika. Fupa la msana likadyeka ndi TB limafwamphuka kutsogolo, msana n'kupindika. Mafinya ndi zidutswa za fupalo zimapanikiza mtsempha waukulu umene umalamula miyendo ndi chikhodzodzo. Mtsemphawu ukapanikizika nthawi yaitali umatha kuonongekeratu osatsitsimukanso, ndipo zimandipweteka mtima kulandira mwana amene akanayenda akadabwera msanga.

Apa m'pamene timaganiza za opaleshoni: miyendo ikamafookerafookera munthu ali pa mankhwala, msana ukakhala wogwedera, mafinya akachuluka, kapena linunda likamakula, makamaka mwa ana poti mafupa awo akukulabe. Tikamujambula, timachotsa mafinya ndi fupa lowola kuti mtsempha upume. Pamene patsala mpata timaikapo fupa lotengedwa ku nthiti kapena m'chiuno mwa wodwala yemweyo. Njira imeneyi anaifotokoza madokotala Hodgson ndi Stock ku Hong Kong mu 1956. Masiku ano timawonjezerapo zitsulo zogwira msana mpaka fupa litalumikizana. Akatuluka kufiyeta, mankhwala aja amapitirira mpaka kumapeto.

Woulutsa: Mwachidule, wina akufunsa ngati zitsulozo zimadzachotsedwa.

Dokotala: Nthawi zambiri zimakhala momwemo. Timazichotsa pokhapokha zikamasuka, zikathyoka kapena pakabuka chilonda. Wofunsayo akaona bala likutupa kapena kuchucha, abwerere kwa amene anam'chita opaleshoni, asadikire tsiku limene anamulembera.