Mukafuna Kuona Mbalame, Yambani Mwafunsa Komwe Kukutentha

Ndikamaphunzitsa mutu wa heat transfer, ophunzira ambiri mumangoloweza mawu akuti convection kuti mukalembe mayeso basi. Lero tiyeni tiwaone mawuwa akugwira ntchito pa zamoyo, kutali ku North America.

Pakati pa Canada ndi United States pali zigwa zazikulu za udzu zotchedwa prairie. M'zigwazi muli nyanja ndi maiwe osawerengeka, omwe anatsala pamene madzi oundana ankasungunuka zaka pafupifupi 10,000 zapitazo. Imodzi mwa nyanjazi ndi Last Mountain Lake ku Saskatchewan, komwe boma linapatula malo otetezerako mbalame mu 1887. Nyengo yozizira ikamatha, m'miyezi ya Malichi ndi Epulo, abakha ndi atsekwe amafika kuchokera kumwera, ndipo anthu amapita kukawaonerera. Koma woonerera wanzeru sangoyang'ana paliponse ayi.

Funso loyamba: abakha amayamba kutera pati? Kuti kilogalamu imodzi ya madzi oundana isungunuke pamafunika ma joule pafupifupi 334,000. Imeneyi ndi latent heat ija. Kadziwe kosaya kali ndi ayezi wochepa, ndiye kamasungunuka msanga, nyanja yaikulu ikadali gwa. N'chifukwa chake abakha ofika msanga, monga mallard ndi northern pintail, mumawapeza m'timaiwe ta m'minda. Nacho chiwombankhanga cha bald eagle, chomwe ndi chibale cha nkhwazi yathu, chimadikirira m'mphepete mwa ayezi wosungunuka, kutola nsomba zomwe zinafa m'nyengo yozizira.

Funso lachiwiri: nanga akabawi? Kumbukirani kuti specific heat capacity ya madzi ndi 4,200 J/kg°C, pomwe ya dothi louma ndi yochepa kwambiri. Dzuwa likawala, munda umatentha msanga kuposa nyanja. Mpweya wa pamundapo umafufuma, umapepuka, n'kuyamba kukwera. Mpweya wokwerawu umatchedwa thermal. Kabawi amangotambasula mapiko n'kumazungulira mkati mwake, ndipo amakwera osakupiza. Akafika pamwamba amatsetsereka mpaka atapeza thermal ina. Mphamba amene mumamuona akuzungulira pamwamba pa bwalo la sukulu masana amachitanso zomwezi.

Njira imeneyi si yamasewera. Kabawi wotchedwa Swainson's hawk amachokera ku Argentina kudzaswa ku prairie, ulendo wa makilomita pafupifupi 10,000. Amadzera kumtunda, ku Panama ndi Mexico, chifukwa pamwamba pa nyanja palibe mpweya wokwera womunyamula bwino.

Ndiye mwaona eti? Abakha muwafune m'mamawa pamadzi. Akabawi ozungulira muwadikire dzuwa litakwerako, ndipo maso akhale pamwamba pa minda, osati pakati pa nyanja yozizira.

Atsekwe, monga snow goose, sadalira thermal. Ulendo wonse amakupiza mapiko, koma ali ndi nzeru yawo. Kunsonga kwa phiko lililonse mpweya umazungulira, ndipo chakunja pang'ono umakwera. Tsekwe wotsatira amadziika pomwepo, n'chifukwa chake amapanga mzere wooneka ngati chilembo cha V. Wakutsogolo sathandizidwa ndi aliyense, choncho amasinthana.

Pali chinthu chimodzi chodetsa nkhawa. Timaiwe tosaya tija, tomwe timayamba kusungunuka ndi kupereka chakudya, ndi tomwenso n'tosavuta kuumitsa. Alimi atiphwetsa tambirimbiri kuti akulitse minda. Bakha wotopa ndi ulendo akafika n'kupeza kadziwe kulibe, nyanja yaikulu ikadali youndana, alibe potera pabwino. Dera limeneli ndi lomwe limaswa gawo lalikulu la abakha a ku North America.

Ntchito yanu sabata ino: sankhani tsiku ladzuwa, mulembe nthawi yomwe mwaona mphamba woyamba akuzungulira osakupiza. Mulembenso zomwe zili pansi pake: munda wolimidwa, msewu wa phula, kapena dambo? Kenako fotokozani m'mizere itatu chifukwa chake, pogwiritsa ntchito mawu akuti density ndi convection. Mayankho tidzakambirana m'nkhani yotsatira.