Muikepo ndi Yochotsera: Mafunso ndi Mayankho pa Ndalama za Pafoni

MUULUTSI: Alangizi a za ndalama akhala kale pampando, ndipo makalata a sabata ino onse akunena za kulipira ndi foni. Yoyamba yachokera ku Kabulonga, kwa mtsikana amene wangobwera kumene kuchoka kusukulu ku London. Akuti: "Zaka zitatu kumeneko sindinagwirepo ndalama ya pepala. Basi, sitima, ngakhale buledi, ndinkangogunditsa foni pa kamakina. Kuno ndimatero ndi khadi m'masitolo akuluakulu, koma ndikangotulukamo aliyense akufuna kashi. Kodi ndi kusaphunzira kapena ndi mantha?"

ALANGIZI: Zikomo mwanawe polemba, koma mawu akuti kusaphunzira tiwachotsepo. Ku Germany anthu ndi ophunzira, chuma ali nacho, komabe ambiri amakondabe kashi mpaka lero. Munthu sasiya zimene anazolowera chifukwa choti chinthu chatsopano chafika. Amasiya pamene chatsopanocho chamuchotsera vuto lomwe limamusautsa tsiku ndi tsiku.

Ku London komwe munaliko, amene anaphunzitsa anthu ndi mabasi. Anayamba kulandira makadi ogunditsa mu Disembala 2012, ndipo pofika Julayi 2014 analekeratu kulandira kashi. Wokwera basi kawiri pa tsiku, dzanja limazolowera lokha. Kuwonjezera apo, pafupifupi aliyense anali kale ndi akaunti kubanki ndi khadi m'thumba. Kovidi itabwera, ndalama yolipira osalemba PIN inakwezedwa kuchoka pa mapaundi 30 kufika pa 45 mu 2020, kenaka 100 mu 2021.

Ku China analowera khomo lina. Wogulitsa zakudya pamsewu sakanakwanitsa kugula kamakina, koma kapepala ka QR kongomata pa tebulo aliyense akhoza kusindikiza. Ndipo pulogalamu ya pafoni ya WeChat inakopa anthu mu 2014 poika pafoni mwambo wawo wopatsana ndalama m'maenvulopu ofiira pa Chaka Chatsopano. Ku Kenya, ndalama za pafoni za M-Pesa zinayamba mu 2007, ndipo zinakula chifukwa ogwira ntchito ku Nairobi ankafuna kutumiza ndalama kwa makolo kumudzi.

Khomo lathu ndi la a ku Kenya lomwelo. Achikulire akukumbukira kupita ku siteshoni ya mabasi ya Intercity m'mbandakucha, kupatsa kondakitala wa basi ya ku Chipata envulopu, mtima uli m'mwamba mpaka agogo atanena kuti yafika. Kenaka tinaona timabutu tobiriwira ta Zoona, kutsatira Airtel Money ndi MTN, pambuyo pake Zamtel. Kafukufuku wa FinScope anapeza kuti mu 2015 akuluakulu 14 pa 100 alionse ndiwo ankagwiritsa ntchito ndalama za pafoni, koma mu 2020 anali 58. Anthu amantha sasintha msanga chotero. Amayi ogulitsa nthochi pakona panu aja nambala ali nayo, afunseni. Kungoti awo ndi odina *115# pa kafoni ka mabatani, inu ndinu a zogunditsa.

MUULUTSI: Yachiwiri yachokera pamsika wa Kabwata. Amayi awa akuti: "Ndimagulitsa repu, tomato ndi kapenta. Masiku ano makasitomala ambiri akuti titumize pafoni. Ndikawauza kuti muikepo ndi yochotsera, amakwiya, ena amapita pa tebulo la mnzanga. Koma ine kumsika wa Soweto komwe ndimaoda m'mawa amafuna kashi. Ndalakwa pati?"

ALANGIZI: Amayi, simunalakwe, ndipo kalata yanuyi ndiye mtima wa nkhani yonse. Ndalama ikakhala m'foni, kuyenda kwake n'kotchipa. Imadula pakhomo potuluka, pamene mwaima pabutu kuti akupatseni ya pepala. Kasitomala waona kufewa kwake, wadina mabatani n'kunyamuka ndi tomato wake. Inu mwatsala ndi ntchito yokaima pamzere, mwina kuuzidwa kuti fuloti, ndalama ya pabutupo, yatha, pitani pabutu ina, ndiye kudulidwanso yochotsera. Pa kamulu ka tomato ka K10, phindu lake n'lochepa kale. Ndipo kuyambira Januwale 2024 boma linaika kamsonkho pa ndalama zotumizirana pafoni. N'kakang'ono pa ulendo umodzi, koma munthu wa timalonda tating'ono tambirimbiri amakamva.

Ku India ogulitsa ndiwo ngati inu analandira foni ndi manja awiri, ndipo zifukwa zake zikuoneka. Pa 8 Novembala 2016 boma linathetsa mwadzidzidzi ndalama za mapepala za 500 ndi 1,000 rupee, anthu n'kusowa chogulira. Chaka chomwecho kunali kutayamba njira yotchedwa UPI, yolumikiza mabanki osiyanasiyana. Koma chimene chinagwira anthu mtima kashi itabwereranso n'chakuti wogulitsa sadulidwa kanthu polandira, ndipo amene amamuodetsa katundu nayenso amalandira njira yomweyo. Ndalama imalowa, n'kuzungulira, osafunika kutuluka. Kwathu kuno unyolo umadukira pa Soweto, pomwe mlimi wabwera ndi mabokosi a tomato usiku ndipo akufuna ndalama yoigwira m'manja.

Tsono mungatani inuyo lero? Pitani ku ofesi ya kampani yanu ya foni mukafunse za nambala ya amalonda, ija kasitomala amalipirira katundu m'malo motumiza ngati akutumizira m'bale. Akuonetseni mitengo yake yolembedwa, muiyerekeze ndi zomwe mukudulidwa panopa, musanavomere. Chinanso, musamachotse kangachepe kangachepe. Sonkhanitsani za tsiku lonse kapena masiku awiri muchotse kamodzi. Ndipo zina musazichotse n'komwe. Mayunitsi a magetsi a Zesco, bilu ya madzi, chilimba cha amayi anzanu pamsikapo, zonsezi lipirani kuchokera m'foni momwemo. Ngati mnzanu ali pa netiweki ina si vuto ngati kale, chifukwa makampani ndi mabanki analumikizidwa kudzera mu National Financial Switch.

Amene mumaoda kwa iwo masiku onse, afunseni ngati angalandire theka pafoni. Ambiri a iwo ali ndi mantha omwe muli nawo inu. Ndakhala ndikuona amayi akutsika basi pa Lumumba kusanache, dzanja limodzi pa dengu, lina litagwira pachiuno pomwe amanga ndalama m'chitenje, maso uku ndi uku. Mlimi nayenso amabwerera kumunda ndi mtolo wa ndalama m'sokosi. Mukagwirizana awirinu, nonse mwapepukidwa.

Ndikuchenjezeni chimodzi, mayi anga. Ndalama zikayamba kudutsa pafoni panu, mudzayamba kulandira mauthenga okupatsani ngongole yapompopompo. Werengani chiwongoladzanja ndi tsiku lobweza musanadine. Ndaona mpamba wa anthu ukuthera m'menemo.

MUULUTSI: Bambo wina wa ku Chelstone, wogwira ntchito mu Cairo Road, akudandaula za chenji. Akuti: "M'mawa uliwonse ndi mkangano. Ukapereka K100 kondakitala amakumangiriza ndi munthu wosamudziwa kuti mukagawane mukatsika. Tsopano kwabweranso K200 ndi K500. Bwanji osangolamula kuti mabasi onse tizilipira ndi foni?"

ALANGIZI: Achimwene, kumangirizidwa chenji kumeneko ndikukudziwa, kumachedwetsa munthu kuntchito. Ndipo n'zoona, ndalama zatsopano zomwe Bank of Zambia inatulutsa pa 31 Malichi 2025 zili ndi K200 ndi K500. Koma zolamulazo ena anayesapo. Ku Nairobi, Google ndi Equity Bank anayambitsa khadi logunditsa m'mabasi lotchedwa BebaPay mu 2013, boma nalonso linafuna kuthetsa kashi m'mabasi chaka chotsatira. Mu 2015 BebaPay inatsekedwa. Makina ankagwira bwino ntchito, koma madalaivala ndi makondakitala sanawafune.

Taganizirani mmene basi yathu imayendera. Dalaivala ali ndi kashing'i yoti apereke kwa mwini basi madzulo, yotsala ndiyo yake ndi kondakitala. Mafuta amathira pang'onopang'ono ndi ndalama za ulendo womwewo. Anyamata oitanira okwera pasiteshoni amafuna yawo pomwepo basi isananyamuke. Mtengo nawonso umasintha, wa m'mawa si wa masana, ndipo wotsikira pa Munali amanenerera. Ndiye mubweretse kamakina kotumiza ndalama yonse ku akaunti ya mwini basi. Kondakitala adzakuuzani kuti kafa, ndipo kadzafadi tsiku lililonse. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Munthu amene chakudya cha ana ake chimachokera m'dzanja lodzaza makwacha opindidwa pakati pa zala sangachisiye chifukwa cha lonjezo.

Palinso nthawi. Kudina *115#, kusankha, kulemba nambala, PIN, kudikira uthenga, basi yodzaza anthu, zonsezi kuyambira pa thanki ya Chelstone simungamalize msanga. Ndipo tonse tikukumbuka 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti akumapita pafupifupi tsiku lonse, netiweki n'kumagwa nawo limodzi. Anthu a ku Zimbabwe anakakamira ndalama za pafoni za EcoCash chifukwa kashi inasoweratu m'mabanki, analibe kolowera. Ife kashi ilipo, choncho foni iyenera kuiposa kuti ipambane. Maganizo anga ndi akuti m'mabasi zidzatheka tsiku lomwe ndalama idzagwere pafoni ya kondakitala mwiniwake, mofulumira ngati kulandira kobiri, ndipo iye n'kukathirira mafuta ndi foni yomweyo osadulidwa. Pakali pano, achimwene, sungani ma K5 ndi ma K10 a m'mawa.

MUULUTSI: Nthawi yatithera, koma iyi tisaisiye. Agogo a ku Woodlands, opuma pantchito, akuti: "Banki yandipatsa khadi logunditsa. Kodi wakuba sangandigunditse kamakina m'thumba ndili pamzere? Komanso dzulo wina anandiimbira kuti ndi wa ku kampani ya foni, akufuna PIN kuti akonze akaunti yanga."

ALANGIZI: Agogo, za khadi mtima ukhale m'malo. Limagwira pokhapokha litayandikira kamakina masentimita ochepa chabe, banki imaika malire a ndalama yomwe ingatuluke popanda PIN, ndipo kamakina kalikonse kali ndi mwini wake wolembedwa kubanki. Pemphani kuti muzilandira uthenga pafoni nthawi iliyonse khadi likagwira ntchito, ndipo likatayika imbani kubanki nthawi yomweyo alitseke.

Woimba foniyo ndiye wakuba weniweni. Azakhali anga anataya ndalama yonse ya chilimba m'njira yomweyi. Mnyamata wa mawu aulemu anawatchula dzina, nawauza kuti akaunti itsekedwa madzulo, iwo n'kutchula manambala anayi aja. Sanadye masiku awiri, ndipo mpaka lero safuna kumva za ndalama za pafoni. Palibe wa kampani kapena wa banki amene amafunsa PIN. Chimodzimodzi mauthenga aja akuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, musayankhe. Ngati munatchula PIN dzulo, isintheni pulogalamu ino isanathe. Nambala yomwe inakuimbiraniyo ikadali m'foni mwanu, muitumize ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni, podina *707#, kapena mdzukulu wanu akuthandizeni madzulo ano.