Phala la Pakati pa Zitsulo Ziŵiri: Phunziro la Kayendedwe ka Kutentha

Amene anakhalapo kudera la Ludzi m'boma la Mchinji m'mwezi wa Okutobala akudziŵa mmene dzuŵa limaswera mtengo kumeneko, ndiponso mmene fumbi limaloŵera m'nyumba ngakhale mazenera ali chitsekere. M'mwezi umenewu ndi mmene ophunzira athu auphunzitsi, tikapita kukaŵayendera, amatidandaulira kuti makompyuta a pasukulu akungozima okha phunziro lili mkati. Ambiri mwa makompyutaŵa anagwirapo kale ntchito kwina, ndipo tikaŵatsegula timapeza kuti phala limene linapakidwa pa purosesa, limene amisiri amalitcha thermal paste, linauma kalekale, likungoyoyoka ngati dothi la pachulu. Tsono mphunzitsi wamkulu amafunsa kuti, "Tigule phala liti?" Ife tikuti funso limeneli lisathere mu ofesi. Lipite m'kalasi ya sayansi, pakuti ana amene analoŵeza pamtima zakuti kutentha kumayenda m'zitsulo sanapatsidwepo mpata wogamula nazo mlandu weniweni.

Tiyambe ndi ntchito ya phalalo. Purosesa ndi kachipangizo kamene kamachita masamu onse a kompyuta, ndipo pogwira ntchito kamatentha. Pamwamba pake pamakhala chitsulo cha aluminiyamu kapena kopa, chokhala ndi mano ngati chipeso, chotchedwa heat sink, ndipo fani imakupiza mphepo pa manowo. Kutentha kukalephera kuchoka, mapurosesa ambiri amayamba kuchedwetsa ntchito akamayandikira madigiri 100, kenaka kompyuta imazima podziteteza. Nkhope ya purosesa ndi ya heat sink zimaoneka zosalala, koma pa mayikulosikopu zili ngati minda iŵiri ya mizere yovundikirana: zimakhudzana pamitumbira pokha, m'makwaŵa monse muli mpweya. Ntchito ya phala ndiyo kupirikitsa mpweya umenewo, monga amachitira mayi pomata ming'alu ya khoma.

Apa mpamene pafunika manambala pabolodi. Asayansi amayeza mphamvu ya chinthu pololeza kutentha kudutsa ndi muyeso wa W/mK. Kopa ali ndi pafupifupi 400, aluminiyamu amapitirira 200, mpweya uli ndi 0.026 chabe, pamene phala loyera lotchipa, la silikoni wosakaniza ndi zinc oxide, silifika kaŵirikaŵiri pa 1. Tiŵasiye ana ayang'anitsitse manambalaŵa mpaka mmodzi atulukire yekha kuti phala likuchepekera chitsulo kutalitali, ndi kuti ubwino wake wonse ngwakuti likuposa mpweya. Mwana amene waona zimenezi sadzapakanso phala ngati chiponde pa buledi.

Mitundu ya phala njambiri, koma kalasi ikhoza kukambirana inayi. Loyera lija ndilo limapezeka msanga kwa okonza mawailesi. Arctic Silver 5 lili ndi timisere ta siliva. Arctic MX-4 silidutsitsa magetsi, motero likadonthera pambali silivulaza kanthu. Lachinayi si phala kwenikweni koma chitsulo chamadzimadzi cha gallium, chonga Conductonaut wa kampani ya Thermal Grizzly, amene pachikuto chake ankalembapo 73 W/mK. Kampani ya Sony inagwiritsa ntchito chitsulo chotere mu PlayStation 5 m'chaka cha 2020. Koma chimenechi chingotchulidwa pakamwa, chisaloŵe m'kalasi: chimadutsitsa magetsi, ndiponso gallium amadya aluminiyamu mpaka kumufumbutsa.

Nanga zolembedwa pachikuto nzodalirika? Arctic Silver 5 ankalengezedwa kuti ali ndi mphamvu yopitirira 8 W/mK, koma m'chaka cha 2008 ofufuza a ku National Renewable Energy Laboratory ku America atamuyeza anapeza 0.94. Nkhani imeneyi timaikonda, chifukwa ana athu anazoloŵera kukhulupirira chilichonse chosindikizidwa, ndipo ife aphunzitsi ndife amene tinaŵazoloŵeza.

Chimake cha phunziroli ndi samu imodzi, yochokera pa lamulo limene Joseph Fourier wa ku France anafalitsa m'buku lake la 1822. Kuti tidziŵe madigiri amene purosesa ikuposera heat sink kaamba ka phala, tichulukitse mawati ndi kuchindikala kwa phala, kenaka tigaŵe ndi mphamvu ya phala yochulukitsidwa ndi kukula kwa nkhope. Titenge purosesa ya mawati 65, nkhope yake masentimita 3 m'litali ndi 3 m'lifupi, phala lochindikala mamilimita 0.05. Ana asandutse zonse kukhala mamita, ndipo pamenepa ambiri amapunthwa, choncho tiyendere mabenchi. Phala la mphamvu 1 lipereka madigiri 3.6. La mphamvu 5 lipereka 0.7. Ndiye kuti phala loposa linzake kasanu latipulumutsira madigiri osakwana 3. Tsono tiŵauze abwerere ku phala la mphamvu 1 lija, alichindikalitse kakhumi, lifike mamilimita 0.5. Yankho ndi madigiri 36. Pomaliza achotse phala, aike mpweya wa mamilimita 0.05: apeza pafupifupi 139. Samuyi ikukokomeza pang'ono, popeza zitsulo zimakhudzanabe pamitumbira paja, ndipo mphunzitsi anene zimenezi poyera. Komabe kalasi yaona kuti dzanja la wopaka likhoza kuononga zambiri kuposa zimene dzina la pachikuto lingakonze.

Zikatha zapabolodi tipite pa kompyuta, ndipo ikhale yakale, yoti itaonongeka mayeso a ana sasokonekera. Tizule chingwe cha magetsi, tikhudze chitsulo cha bokosi tisanagwire zamkati. Choyamba tichotse fumbi lonse m'mano a heat sink ndi pa fani. Tipukute phala lakale ndi kansalu konyowetsa ndi spiriti, tidonthezere latsopano pakati, kadontho konga njere ya nandolo, ndi kumanga zomangira mosinthanasinthana kuti chitsulo chikhale mofanana. Pulogalamu ya Prime95 imailemetsa purosesa ndi masamu, ndipo ya Core Temp imaonetsa kutentha kwake. Zonse ziŵiri nzaulere. Patapita mphindi 15 ana alembe madigiri a purosesa, alembenso a m'chipinda pa themometa yopachika pakhoma, achotsere achiŵiri pa oyamba. Phala lililonse lipakidwe ndi kuyezedwa katatu.

Za themometa ya pakhomayo tinaziphunzira mochititsa manyazi. Pasukulu ina gulu lathu linayeza phala lodula m'mamaŵa, lotchipa nkuliyeza dzuŵa lili paliwombo, pansi pa denga lamalata. Lotchipalo linagwa nawo mlandu, ife tomwe tikuvomereza. Anatidzutsa ndi mtsikana wina wa kumbuyo amene anafunsa mwaulemu ngati sitinali kuyeza dzuŵa m'malo mwa phala. Chichitikireni zimenezo timayamba tafunsa ana kuti atchule okha zonse zoyenera kusasintha: kompyuta, pulogalamu, mphindi, kukula kwa dontho, kulimba kwa zomangira. Akayezanso katatu amaona kuti nthaŵi zina phala lomwelo limasiyana lokha kuposa mmene likusiyanirana ndi linzake, ndipo mtsutso umene umabuka pamenepo usadulidwe msanga ngakhale belu litalira.

Sipalephera mwana wofunsa za mankhwala otsukira mano. Aloledwe kuyesa, pakuti tsiku loyamba amagwiradi ntchito kaamba ka madzi ali m'menemo. Madziwo akauma kutentha kumakwera, ndipo apukutidwe msanga asanadetse chitsulo. Zimenezi zikumbutsa kalasi kuti phunziro la mphindi 40 silingayeze ukalamba wa phala. Ngakhale opanga Arctic Silver 5 amanena kuti phala lawo limafuna maola ofika 200 kuti likhazikike. Nchifukwa chake timapempha kuti pakhale kope limodzi losungidwa m'chipinda cha makompyuta, mmene gulu losankhidwa lizilemba madigiri Lachisanu lililonse mpaka teremu itatha.

Yankho kwa mphunzitsi wamkulu alembe ndi ana eniake, ndi manambala awo pansi pake. Kumene tayesako, makalata otere apempha kachubu kamodzi ka magalamu 4 ka phala losadutsitsa magetsi, kamene kakwanira makompyuta angapo, ndi kuti ndalama zotsala zigulire kaburashi, spiriti ndi nsalu zovundikira makina, ntchito yochotsa fumbi ichitike mu Sepitembala.